Jekete yobiriwira si umboni wa nambala wani pa gofu

Mu Epulo, munthu akavala jekete yobiriwira ku Augusta, m'dziko la America, atapambana Masters, umodzi mwa mipikisano ikuluikulu ya gofu, okonda gofu ambiri amathamangira kunena kuti ndiye nambala wani padziko lonse. Si choncho ayi. Mndandanda wa akatswiri a gofu padziko lonse wa Official World Golf Ranking, womwe unayamba mu 1986, umayang'ana zaka ziwiri zathunthu, ndipo ine ndimaona kuti n'chilungamo. Wopambana Masters amapata mapointsi 100, inde, koma mapointsi ake onse amagawidwa ndi chiwerengero cha mipikisano imene wasewera, ndipo pakatha masabata 13 amayamba kuchepa mphamvu. N'chifukwa chake Phil Mickelson, mwini zikho zikuluzikulu 6 zonga cha Masters, sanakhalepo pamwamba pa mndandandawu, pomwe Luke Donald anafikapo mu 2011 alibe ngakhale chimodzi.