Safuna kuthawa kwawo, akufuna kukhalabe mwana wapakhomo

Alembi ochokera ku India, Pakistan ndi Sri Lanka, omwe anakhazikika ku Canada, Britain ndi America, akhala akulemba nkhani zopeka za amuna okondana ndi amuna anzawo, komanso akazi okondana ndi akazi anzawo. Ndikamaphunzitsa mabukuwa, ambiri amayembekezera nkhani ya munthu wothawa makolo ouma mtima n'kukapeza mtendere kwa azungu. Mabuku abwino mwa iwo sayenda njira imeneyo. Chomwe chimasowetsa tulo anthu a m'nkhanizi n'choti akufuna kukhalabe ana apakhomo.

Shyam Selvadurai anabadwira ku Colombo, ku Sri Lanka, mu 1965, ndipo banja lake linasamukira ku Canada zitachitika zipolowe za mu 1983, zomwe zinapha anthu ambiri a mtundu wa Atamil. M'buku lake la Funny Boy, lomwe linatuluka mu 1994, timakumana ndi Arjie ali ndi zaka 7. Ana akasonkhana kwa agogo, anyamata amapita kukasewera cricket, iye amatsalira kuseri kwa nyumba ndi atsikana kumasewera ukwati. Mkwatibwi amakhala iyeyo, atavala sari (nsalu ya akazi) yakale, milomo atapaka zofiira. Tsiku lina mayi wina wachibale anamukoka dzanja, ali chivalire choncho, n'kukamuimika pamaso pa akuluakulu. Panabuka chiseko. Palibe anamumenya, koma kuyambira pomwepo makolo ake anamulamula kuti azisewera ndi anyamata. Luso la mlembiyu lagona apa: mwanayo sakudziwa chomwe walakwa, wangoona nkhope ya bambo ake itagwa ndi manyazi.

Atakula, Arjie, yemwe ndi Mtamil, akukondana ndi Shehan, mnyamata wachisinhala, mtundu wa anthu ochuluka ku Sri Lanka. Kumapeto nyumba yawo ikutenthedwa pa zipolowe zija. Abale omwe aja anamuseka ndi amenenso akuthawa nawo limodzi, ndipo alibe ena.

Banja likasamukira kudziko lachilendo, chilankhulo, ndiwo zakwawo, mapemphero ndi anthu obwera pamaliro zonse zimapezeka pakati pa mabanja ochepa odziwana. Mwana wokanidwa kumeneko sataya makolo okha. Kunjako nakonso sikuti amamulandira ndi manja awiri. Tsankho la khungu limakhala likumudikira. Hanif Kureishi anazionetsa kale mu 1985 m'filimu ya My Beautiful Laundrette, momwe Omar, mwana wa Mpakistani ku London, akukondana ndi Johnny, mzungu yemwe ankayenda ndi gulu lodana ndi obwera.

Nkhani ya malamulo ndingoikhudza pang'ono. Gawo 377 la malamulo a milandu ku India, lomwe linkaletsa amuna kugonana okhaokha, analilemba ndi atsamunda a ku Britain mu 1860, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 2018 kuti lisagwirenso ntchito pa akuluakulu ogwirizana. Gawo 153 la malamulo athu ku Malawi linachokera kumuzu womwewo.

Koma lamulo likasintha, pakhomo sipasintha tsiku lomwelo, ndipo amene anazilemba mondigwira mtima ndi SJ Sindu mu Marriage of a Thousand Lies, buku la 2017. Lucky, mtsikana wachitamil wa ku America, anakwatiwa ndi Kris. Iye amakonda akazi, mwamunayo amakonda amuna, ndipo onse awiri akudziwa. Ukwatiwo ndi wotseka anthu pakamwa. Agogo ake atagwa n'kuvulala, Lucky akubwerera kwa mayi ake kufupi ndi Boston, komwe akupeza Nisha, bwenzi lake lakale, akukonzekera ukwati wokonzedwa ndi makolo. Ku Massachusetts, komwe kuli Boston, boma linayamba kudalitsa maukwati a akazi okhaokha mu 2004. Palibe wapolisi amene Lucky akumuopa. Akuopa kuti mayi ake, omwe mwamuna anawasiya kale, adzasowa poika nkhope pakati pa Atamil anzawo, ndipo mlembi sanawajambule mayiwo ngati munthu woipa.