Akazi sanayambe dzulo kusindikiza mabuku ndi kutsatsa malonda

Ndatopa nako kumva zoti ntchito yosindikiza mabuku ndi kutsatsa malonda inali ya amuna okhaokha, akazi angoilowa posachedwapa. Si zoona.

Ku Paris ndi ku London m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, wosindikiza mabuku akamwalira, kawirikawiri mkazi wake ndiye ankapitiriza bizinesi: kugula mapepala, kulipira antchito, kusankha zoti zisindikizidwe. Ambiri ntchitoyo anali ataidziwa kale. Chinawabisa n'chakuti pabuku ankangolembedwa kuti "mkazi wamasiye wa uje", ndipo zimenezi zimandiwawa.

Ku America, mu Januwale 1777, mayi wina wa ku Baltimore ndiye anayamba kusindikiza chikalata cha ufulu wa dzikolo chokhala ndi mayina a amene anasaina. Dzina lake lilipo m'munsi mwa chikalatacho. Mu 1880, mayi winanso anatsegula kampani yotsatsa malonda ku New York.

Chonde, nkhani zoti akazi angoilowa posachedwapa ntchitoyi musamazifalitse musanazifufuze. Malaibulale akuluakulu anaika zithunzi za mabuku akale pa intaneti. Tsegulani tsamba loyamba la buku, muyang'ane m'munsi, pamene amalemba wosindikiza, mzinda ndi chaka.