Mabatani achidule: pulogalamu imakuonetsani yokha

Anthu amene ndimawaphunzitsa kompyuta amakonda kundipempha mndandanda wa mabatani achidule (mabatani a pa kiyibodi ochitira zinthu mwachangu osagwira mausi) kuti akaloweze pamtima. Sindiwapatsa. Zoloweza zotere zimauluka sabata isanathe, komanso pulogalamu iliyonse yolembera ili ndi mabatani akeake. Chimene ndimafuna adziwe ndi malo amene pulogalamuyo imaonetsera mabataniwo.

Yambani ndi menyu. Mu Notepad tsegulani Edit, muyang'ane kumanja kwa mawu aliwonse. Pafupi ndi Undo palembedwa Ctrl+Z, pafupi ndi Find pali Ctrl+F, ndipo chakumunsi kuli F5, batani lomwe limakulemberani nthawi ndi tsiku pomwe mwafika polemba. Zimandimvetsa chisoni kuti ambiri timadina ndi mausi kwa zaka, zilembozi zili pamaso pathu, osaziona n'komwe.

Mu Microsoft Word dinani Alt kamodzi n'kusiya: tizilembo timatulukira pamwamba, kalikonse kakusonyeza batani loti mudine. Mu Google Docs, Ctrl ndi / pamodzi zimabweretsa mndandanda wonse. Mu VS Code, pulogalamu yolembera makodi, dinani Ctrl+K kenako Ctrl+S kuti mndandanda utuluke, ndipo mutha kufufuza lamulo ndi dzina lake, ngakhalenso kusintha batani lomwe silikukukomerani. A Mac, pomwe ndalemba Ctrl nthawi zambiri inu mudine Cmd.

Pamene anthu amasokonekera kwambiri ndi pa nano, pulogalamu yolembera yopezeka pa makompyuta a Linux. Iyo sibisa kanthu, mabatani ofunika amakhala m'mizere iwiri yakumunsi nthawi zonse, monga ^X Exit ndi ^O Write Out. Vuto ndi kachizindikiro ka ^ kaja. Kakuimira Ctrl, pomwe M- amene mungamuonenso pamenepo akuimira Alt. Tsiku lina wophunzira wanga, pofuna kutuluka, analemba ^ ndi X enieniwo kasanu konse m'fayilo, thukuta lili kamukamu, akuganiza kuti waononga makina. Nditamuonetsa Ctrl+X anapumira m'mwamba. Kenako tinadina Ctrl+G, n'kuwerengera limodzi mabatani ena onse amene sakwana m'mizere iwiri ija.

Apa chenjerani: Ctrl+X yemweyo amene amakutulutsani mu nano, mu Word amadula mawu amene mwasankha. Choncho mukalowa m'pulogalamu yachilendo, musadalire zomwe zala zanu zinazolowera kwina. Tsegulani fayilo yopanda ntchito, muyesere pamenepo kaye musanakhudze chikalata chenicheni.