Mmene nkhondo ya 1914 inagwetsera ufumu wa ku Russia

M'chaka cha 1913 banja lachifumu la Romanov linachita chikondwerero chachikulu chokumbukira kuti latha zaka 300 likulamulira Russia. Patangopita zaka zinayi, pa 15 Malichi 1917, mfumu Nicholas II inasaina kalata yotula pansi ufumu ili m'sitima ya pamtunda pa siteshoni ya Pskov. Ophunzira mbiri ndikawafunsa chimene chinachititsa zimenezi, ambiri amathamangira kutchula Lenin, mtsogoleri wa chipani cha Bolshevik chimene chinadzalanda boma pambuyo pake. Komatu tsiku limenelo Lenin anali ku Zurich, m'dziko la Switzerland. Ufumuwo unagwetsedwa ndi nkhondo yoyamba ya padziko lonse, yomweyi imene inafika ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo kuti timvetse mmene inaugwetsera tiyenera kutsatira ulendo wa thumba la tirigu kuchokera kumudzi kukafika mumzinda.

Za kunkhondo ndizifotokoze mwachidule. Kumapeto kwa Ogasiti 1914 Ajeremani anazinga ndi kuphwanya gulu lalikulu la asilikali a Russia ku Tannenberg, moti mkulu wawo, Samsonov, anadzipha. Mu 1915 asilikali anabwerera m'mbuyo mtunda wautali, dera la Poland linatayika, ndipo mfuti ndi zipolopolo zinkasowa. Anthu wamba mamiliyoni anathawa kwawo n'kudzaza mizinda ya m'kati mwa dziko. Mu 1916 zida zinali zikupezeka bwinoko, ndipo mkulu wina wa asilikali, Brusilov, anawapweteka kwambiri adani a ku Austria-Hungary. Choncho pamene ufumu unkagwa, asilikali anali adakali m'maenje awo akumenya nkhondo. Chimene chinali chitaphwasuka ndi kumbuyo kwawo.

Tiyambe ndi ndalama. Nkhondo itangoyamba, mfumu inaletsa kugulitsa mowa wa vodika pofuna kuti amuna olembedwa usilikali asamaledzere. Cholinga chinali chabwino, koma malonda a vodika anali m'manja mwa boma lenilenilo, ndipo ankabweretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zonse za boma. Boma linadzitsekera lokha chitsime chimenechi pa nthawi imene linkafuna ndalama zambiri kuposa kale lonse. Kenako dziko la Ottoman (Turkey ya masiku ano) linatseka njira ya pamadzi ya Dardanelles, Ajeremani n'kutseka nyanja ya Baltic, ndipo tirigu amene Russia inkagulitsa kunja anasowa podutsira. Madoko amene anatsala anali akutali: Arkhangelsk, kumene madzi amaundana miyezi yozizira, ndi Vladivostok, kum'mawa kwenikweni kwa dzikolo. Boma linakongola ku Britain ndi ku France, koma kwakukulu linangosindikiza ndalama zapepala. Mitengo ya zinthu inakwera kuposa malipiro a anthu.

Tsopano taganizirani mlimi. Amuna pafupifupi 15 miliyoni analembedwa usilikali m'zaka za nkhondoyi, ambiri a iwo alimi, ndipo akavalo olimira nawonso anatengedwa. Ngakhale zinali choncho, akazi ndi okalamba otsala m'midzi anapitiriza kulima, ndipo tirigu m'dzikomo analipo. Vuto linali lakuti boma linaika mtengo wogulira tirigu umene sunkayendera limodzi ndi kukwera kwa zinthu, pamene mafakitale anali atatembenukira ku zida zankhondo. Mlimi akagulitsa mbewu yake ankalandira mapepala amene sakanagula nawo nsalu, nsapato, misomali kapena palafini, chifukwa zinthuzo zinali zosowa kapena zodula kwambiri. Mlimi wa chimanga kwathu kuno sangafune womumasulira zimenezi: mtengo ukakhala wachabe, nkhokwe satsegula. Alimi a ku Russia anasunga tirigu wawo, ena anadyetsa ziweto, ena anatcheza kachasu. Ine sindiwadzudzula. Anachita chimene munthu aliyense wa banja akanachita.

Tirigu amene anagulidwa ankayembekezerabe njanji. Russia ndi dziko lalikulu koopsa, ndipo njanji zake zinali zochepa poyerekeza ndi kukula kwakeko. Njanji zomwezo zinayenera kunyamula asilikali, zida, ovulala, othawa nkhondo, malasha ndi chakudya. Mainjini ankawonongeka mofulumira kuposa mmene ankakonzedwera. Likulu la dzikolo, limene mu 1914 linasinthidwa dzina kuchoka pa St Petersburg kukhala Petrograd, lili kumpoto, kutali ndi madera olima tirigu a kumwera. Malasha ake ambiri ankabwera pa nyanja kuchokera ku Britain nkhondo isanayambe, ndipo tsopano nawonso anayenera kudzera pa njanji. M'nyengo yozizira ya kumayambiriro kwa 1917 chipale chinatseka njanji zina, ufa mumzindawo unachepa, ndipo akazi ankafola pamzere wa buledi kusanache, kunja kukuzizira koopsa.

Mavuto otere akagwa, anthu amafunsa kuti wolakwa ndani, ndipo apa Nicholas anadziika yekha pamoto. Mu Seputembala 1915 anadzipatsa udindo wa mkulu wa asilikali onse n'kusamukira kulikulu la nkhondo ku Mogilev, nduna zake zambiri zikumuchonderera kuti asatero. Kuyambira pamenepo kugonja kulikonse kunali kwake. Ku Petrograd anasiya mkazi wake Alexandra, wobadwira ku Germany, amene ankamvera kwambiri Rasputin, munthu amene iye ankakhulupirira kuti amathandiza mwana wawo Alexei, wodwala matenda osaumitsa magazi akavulala. Nduna zinkachotsedwa ndi kuikidwa mosalekeza: m'chaka chimodzi chokha mpando wa nduna yaikulu unachoka kwa Goremykin kupita kwa Stürmer, kenako Trepov, kenako Golitsyn. Aphungu ambiri a nyumba ya malamulo, yotchedwa Duma, anapempha mu 1915 kuti pakhale boma limene anthu angalikhulupirire, mfumu n'kuyankha potseka zokambirana zawo. Apa ndi pamene ine ndimaona kulakwa kwake kwakukulu, chifukwa amene anawakanawo anali anthu ofuna kupulumutsa ufumu. Ngakhale amene anapha Rasputin mu Disembala 1916 anali a m'mabanja apamwamba, mmodzi wa iwo wachibale wa mfumu.

Pa 8 Malichi 1917, akazi ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku Petrograd ananyanyala ntchito n'kulowa m'misewu akufuna buledi. Pa kalendala yakale imene Russia inkatsatira tsikulo linali 23 Febuluwale. Amuna a m'mafakitale ena anawatsatira. Mu 1905 zipolowe zotere zinathetsedwa ndi mfuti za asilikali. Koma asilikali a 1917 anali ena: ambiri mwa ophunzitsidwa bwino aja anali atafera kunkhondo, ndipo m'misasa ya mumzinda munali anyamata ndi abambo ongotengedwa kumene kumidzi, amene ankadziwa bwino mavuto a akazi ali pamzerewo. Atawombera anthu tsiku limodzi, m'mawa mwake pa 12 Malichi anakana kumvera n'kugwirizana ndi khamulo. Akuluakulu a asilikali atafunsidwa maganizo, analangiza mfumu kuti itule pansi, ndipo mng'ono wake Michael anakana mpandowo.

Boma longogwirizira limene linalowa m'malo linasankha kupitiriza nkhondo, ndi njanji zomwezo, ndalama zomwezo ndi alimi omwewo osafuna kugulitsa. Linakhala miyezi isanu ndi itatu yokha, ndipo mu Novembala 1917 linalandidwa mphamvu ndi chipani cha Bolshevik cha Lenin, chimene chinkalonjeza mtendere, malo olima ndi buledi.