Mwalemba nokha IP koma intaneti yakana: mafunso ndi mayankho

Kompyuta ikuonetsa kuti yalumikizidwa, koma palibe tsamba lomwe likutseguka. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri vuto limakhala pa gateway (nambala ya rauta, chipangizo chimene chimakulumikizani ku intaneti) kapena DNS (seva yomasulira mayina a masamba kukhala manambala). Kompyuta ikamalandira yokha manambala kudzera pa DHCP (njira imene rauta imagawira manambala yokha), rauta imaipatsa zinthu zinayi nthawi imodzi: IP (nambala yozindikiritsa kompyuta yanu pa netiweki), subnet mask (yosonyeza zigawo za IP zomwe zikuimira netiweki), default gateway ndi DNS. Mukasankha kulemba nokha, zonse zinayi zimakhala m'manja mwanu. Ambiri amadzaza bokosi loyamba lokha, enawo n'kuwasiya opanda kanthu.

Nanga manambala oyenera ndiwadziwa bwanji?

Musawapeke m'mutu. Bwererani kaye pa Automatic, mulumikizidwe, kenako pa Windows mutsegule Command Prompt n'kulemba ipconfig /all. Pa Linux mulembe ip addr ndi ip route. Koperani zomwe zatulukazo papepala. Marauta amasiyana: ambiri a TP-Link amakhala pa 192.168.0.1, ena pa 192.168.1.1, pomwe MiFi za Huawei zimakonda 192.168.8.1. Amene wakopera manambala a mnzake wa rauta yamtundu wina amasokera pomwepa.

Kodi pali lamulo posankha IP?

Lilipo, ndipo ndi limene ndikufuna muligwiritse. Ngati subnet mask ndi 255.255.255.0, zigawo zitatu zoyambirira za IP yanu zifanane ndi za gateway. Gateway ikakhala 192.168.8.1, mukhoza kutenga 192.168.8.50. Mukalemba 192.168.1.50, kompyuta imaona rautayo ngati ili pa netiweki ina, ngakhale ili patebulo lomwelo. Chigawo chomaliza chikhale pakati pa 1 ndi 254, chifukwa 0 ndi 255 zili ndi ntchito zawo, ndipo nambala ya rauta musaikhudze. Foni ya Android ikafunsa prefix length, lembani 24, ndiyo 255.255.255.0 yomweyo.

Zonse zikuoneka zolondola. Ndiyese bwanji?

Yambani pafupi, muzipita kutali. Choyamba chitani ping ku gateway: mu Command Prompt lembani ping kenako nambala ya gateway, kuti muone ngati rauta ikuyankha. Ikapanda kuyankha, onani IP, mask, waya kapena Wi-Fi. Ikayankha, lembani ping 8.8.8.8, yomwe ndi seva ya DNS ya Google. Ikakanika apa, mwina bokosi la gateway lili ndi nambala yolakwika, kapena rauta yeniyeniyo ilibe intaneti. Onaninso ngati bandulo sinathe. Pomaliza lembani ping google.com. Manambala akamayankha koma dzina likukana, DNS ndiyo yavuta. Ikanipo 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare.

Imagwira kanthawi n'kuduka, kenako n'kubweranso. Bwanji?

Mwina zipangizo ziwiri zikulimbirana IP imodzi. Marauta ambiri sadziwa kuti mwadzitengera nambala, choncho amatha kuipereka kwa foni ya mlendo. Lowani pa tsamba la makonzedwe a rauta, muone manambala amene DHCP imagawa, musankhe ina kunja kwa amenewo. Kwa pulinta kapena kamera, ine ndimalimbikitsa DHCP reservation: rauta imasungira chipangizocho nambala imodzi potengera MAC address yake (nambala yakeyake imene chimabwera nayo kuchokera kufakitale), ndipo simulembanso kanthu pamanja.

Laputopu imagwira kuntchito, kunyumba ayi.

Mukalemba manambala pa adaputa ya netiweki, amapita nanu kulikonse, pomwe rauta yakunyumba ili ndi akeake. Bwezerani pa Automatic, IP pamodzi ndi DNS, mukachoka kuntchito.