Chipata cha UNZA ndi sefa ya chaka choyamba

Mu 2026 University of Zambia (UNZA) ikukwanitsa zaka 60 chitsegulireni, ndipo mkangano wakale wabukanso kuno ku Lusaka: kodi kulowa UNZA n'kovutabe monga kale? Makolo ena akutumizirana pa WhatsApp manambala ochokera pa intaneti, osonyeza kuti mwa ofunsira malo 100 aliwonse amatengedwa angati. Ndawayang'ana manambalawo. Sagwirizana, sanena chaka chomwe anawerengedwa, ndipo satchula kuti anawapereka ndani.

Kachitidwe koyeza yunivesite ndi chiwerengero cha okanidwa nkochokera ku America. Ku Harvard zaka zaposachedwapa amatenga ochepera 5 mwa 100 aliwonse, koma kumeneko mwana amatha kufunsira malo m'mayunivesite ambiri ndi fomu imodzi ya Common Application, ndiye ofunsira akachuluka nambalayo imatsika yokha ngakhale ana otengedwawo ali a nzeru zomwezo. Mu 2018 magazini ya U.S. News inasiya kuwerengera nambalayi poika mayunivesite pa mndandanda. Ngati eni ake anaitaya, ife tikuitoleranji?

Nkhani ya kwathu inakhotera mu 1963, pomwe gulu lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood linafunsidwa kuti liunike za yunivesite ya dziko lomwe linali pafupi kulandira ufulu. Nthawi imeneyo mwana wa ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero) wofuna digiri ankayang'ana ku Salisbury (Harare ya lero), ku University College of Rhodesia and Nyasaland, yomwe inali pansi pa yunivesite ya London ndipo inkafuna A level, mayeso olembedwa pomaliza Fomu 6. Sukulu zophunzitsa anthu akuda Fomu 6 zinali zowerengeka, yodziwika kwambiri inali Munali. Zotsatira zake, pofika 1964 nzika za Zambia zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100. Mabuku ena amati 109, ena amangoti 100, ndipo kusiyanako sikusintha kanthu: dziko lonse lathunthu, anthu okwana m'mabasi awiri.

Lockwood ndi anzake analangiza kuti yunivesite yatsopanoyo iime payokha, osadalira London, ndipo izitenga ana ndi satifiketi ya O level, digiri n'kukhala ya zaka zinayi. Ena ankaopa kuti maphunziro atsika. Ine ndimaona kuti anaganiza bwino, chifukwa kudikira A level kukanakhala kutsekera kunja pafupifupi mwana aliyense wa ku Lundazi kapena Chadiza. Komanso amene anamanga yunivesiteyi ndi makolo a ana omwewo. Kenneth Kaunda, povekedwa kukhala chansala mu July 1966, anakumbutsa anthu kuti a kumidzi, ana a sukulu oyenda opanda nsapato ngakhalenso akaidi anasonkha zomwe anali nazo, ena nsomba, ena chimanga, ena nkhuku. Chaka chimenecho ophunzira 312 anayamba pa kampasi ya Ridgeway.

Koma sefa sinachoke, inangosunthidwa. Ntchito yomwe A level inkagwira inalowa m'kati mwa mpanda, m'chaka choyamba. Kwa zaka zambiri wofuna udokotala kapena uinjiniya wakhala akuyambira ku School of Natural Sciences, n'kulimbirana kota, malo owerengeka a maphunzirowo, chaka chikatha. Wofuna zamalamulo ankadzera ku Humanities. Kalata yoti watengedwa ndi chiyambi chabe. Alipo ambiri amene anafika pa kampasi yaikulu ya Great East Road akulota zokaphunzira udokotala ku Ridgeway ndi ku chipatala cha UTH, n'kutulukamo ndi digiri ina. Nambala ya pa intaneti ija siwaona amenewa.

Siwaonanso amene anagwa asanafike pachipata. Mayeso a Giredi 7 ndi Giredi 9 asefa ana kwa zaka zambiri, kenaka Giredi 12 yofuna makirediti asanu. Mwana amene mapointi ake ndi ochuluka sataya ndalama ya fomu, amadzikana yekha, choncho yunivesite ingaoneke ngati yotenga ambiri pamene ofunsirawo ndi osankhidwa kale.

Mayunivesite ena amene anabwera pambuyo ndi odziwika: Copperbelt University mu 1987, Mulungushi mu 2008, ndi mayunivesite a anthu wamba omwe achuluka mumzinda muno. Malo anachuluka, funso linasanduka la ndalama. Lamulo la 2016 linakhazikitsa HELSB, bungwe lopereka ngongole za maphunziro, m'malo mwa Bursaries Committee, ija ophunzira ankangoitchula kuti BC, ndipo lero mndandanda womwe mabanja amaudikira mtima uli m'mwamba ndi wa ngongole. Mayi wina wogulitsa kapenta pa msika wa Soweto anandiuza kuti mwana wake anatengedwa kawiri, zaka ziwiri zotsatana, koma dzina lake silinatuluke pa ngongole. Makalata onse awiri ali m'sutikesi ku Chawama, ndipo m'mabuku a chiwerengero mtsikanayo ali m'gulu la olandiridwa.