Munthuyo tizimutcha ndani? Mkangano wa Akatolika womwe sutimveka kuno ku Mulanje

Pa 19 Disembala 2023, patangopita tsiku limodzi Vatican itatulutsa chikalata cha Fiducia Supplicans, chomwe chinalola ansembe kudalitsa anthu okhalira limodzi popanda ukwati wa Mpingo, maepiskopi a m'Malawi analamula kuti ansembe asadalitse amuna okhaokha kapena akazi okhaokha okhala ngati banja. Kuno ku Mulanje, m'Arkidayosizi ya Blantyre, ambiri sanadabwe, poti mu Julaye chaka chomwecho Ambuye Thomas Luke Msusa, arkiepiskopi wa Blantyre, anali m'gulu lotsogolera ulendo wa ndawala wokana maukwati otere. M'miphakati nkhaniyi timaiyesa yotha. Komabe pansi pake pagona mkangano wina wakale, wa anthu omwe onse amavomera chiphunzitso cha Mpingo. Mkatolika amene mtima wake umakopeka ndi amuna anzake, kapena akazi anzake, koma akuyesetsa kudzisunga, azitchedwa ndani? Nanga kukonda bwenzi lake n'kololedwa mpaka pati?

Mu 1975 chikalata cha Vatican cha Persona Humana chinatsutsa mchitidwe wogonana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, koma chinavomera kuti ena chilakolakochi chinawakhazikika mumtima. Ena anamva ngati Mpingo wati chilakolako pachokha chilibe vuto.

Pomwe panakhotera nkhani, mwa kuona kwanga, ndi pa 1 Okutobala 1986, pamene Kadinala Joseph Ratzinger, yemwe anadzakhala Papa Benedict XVI, analembera maepiskopi onse kalata. Kalatayo inati chilakolakocho si tchimo, koma n'chosalongosoka chifukwa chimakokera munthu ku mchitidwe woipa. Akatswiri a zaumulungu amati mawuwa sakunena za misala, akungotanthauza chilakolako chosaloza ku ukwati ndi kubereka. Kalata yomweyo inadzudzula kunyoza ndi kumenya anthu otere, n'kuti abusa azitsutsa nkhanzazo paliponse pamene zachitika. Chakumapeto inati Mpingo sumuona munthu kudzera m'chilakolako chake chokha, poti dzina lake lenileni ndi cholengedwa cha Mulungu, ndipo mwa chisomo, mwana wake. Mbali zonse za mkanganowu zimatunga madzi pa chitsime chimenechi.

Katekisimu wa 1992 anaika nkhaniyi m'ndime 2357 mpaka 2359. Ndime 2358 poyamba inkati anthuwa sasankha okha kukhala otero. Litatuluka buku lachilatini lovomerezeka mu 1997, mawu amenewo anachotsedwa, m'malo mwake munalowa aja a 1986 akuti chilakolakocho n'chosalongosoka. Oikira kumbuyo kusinthaku amati ndime 2357 inanena kale kuti gwero la khalidweli silikudziwika bwino, choncho Mpingo sukanalamula pa zomwe sizinatsimikizike. Mfundoyo ndi yomveka. Koma kwa mnyamata wowerenga yekha, mawu omutonthoza ndi omwe anachoka.

Bungwe la Courage, lothandiza Akatolika otere kudzisunga, lomwe Bambo John Harvey anayambitsa ku New York mu 1980, limapewa dzina loti gay. Limati ndi bwino kunena kuti munthu ali ndi chikoka cha kwa amuna kapena akazi anzake, chifukwa chiyeso sichiyenera kusanduka dzina. Daniel Mattson analemba buku lonse mu 2017 kufotokoza chifukwa chake sadzitcha gay. Mbali inayo kuli Ron Belgau ndi Eve Tushnet, Akatolika, ndi Wesley Hill wa Anglican. Nawonso amadzisunga, koma amati gay ndi mawu omwe anthu wamba amamva, ndipo kuwazemba kumaoneka ngati kubisala. Papa Francis anawatchula yekha mawuwa mu Julaye 2013 m'ndege pochokera ku Rio de Janeiro. Bambo James Martin, wa chipani cha Ajezuiti, anapempha mu 2017 kuti mawu oti chosalongosoka asinthidwe, koma Katekisimu akadali momwemo.

A Belgau ndi anzawo amatsamira pa Aelred woyera wa ku Rievaulx, mkulu wa amonke ku England yemwe anamwalira mu 1167. Iye anaphunzitsa kuti pa mabwenzi awiri enieni, Khristu amakhala wachitatu. Wolemba mbiri John Boswell ananena mu 1980 kuti Aelred naye ankakopeka ndi amuna, ena akukana, ndipo zolemba za mwiniwakeyo sizidula mlanduwo. Otsutsa amaopa kuti anthu awiri okopana akamangirirana ubwenzi wolimba chonchi, akusewera pamphepete pa dzenje. Mantha amenewa si opanda pake. Koma ndime 2359 ya Katekisimu, yomwe imaitana anthuwa kudzisunga, imatchula ubwenzi wosafuna phindu ngati chimodzi mwa zothandiza munthuyu kufika ku ungwiro, ndipo n'kovuta kuona momwe wouzidwa kuti sadzakwatira angapirire akauzidwanso kuti aziopa bwenzi.

Apa ife a kuno tikanakhala ndi chonena. Amayi a kum'mwera kuno akhala ndi chinjira kuyambira kale: awiri amasankhana, amapatsana mphatso, amathandizana pa matenda ndi pa maliro, mudzi wonse n'kumadziwa kuti awa ndi anjira. Amuna awiri ankatha kuyenda atagwirana manja kupita kumsika wa Chitakale popanda wowayang'ana kawiri. Chinjira sichinali chogonana, ndipo sindikuchikokera kumeneko. Chimangoonetsa kuti makolo athu ankadziwa kupatsa ulemu chikondi chomwe si cha ukwati, chinthu chomwe anzathu a ku America akuchifufuza m'mabuku a amonke.

Chomwe tilibe ndi njira yotchulira munthuyo mosamuweruza. Pakamwa pa ambiri pali mawu oti mathanyula, omwe amanena za mchitidwe ndipo amatuluka ndi chitonzo. Malamulo nawo akulemera: ndime 153 ya malamulo a milandu imapereka chilango chofika zaka 14, ndipo pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuichotsa. Lamulolo limalanga mchitidwe, koma m'mudzi mphekesera sizisiyanitsa wochita ndi wodzisunga. Choncho mtsikana wa m'kwaya kapena mnyamata wothyola tiyi amene akufuna kutsata ndime 2359 ndi mtima wonse, akadziulula kwa a katekisti kapena kwa a tcheya a mphakati, amaika pachiswe ntchito yake, nyumba yomwe akukhala, ndi anzake omwe ndime ija ikuti amuthandize.